Dzanja la a Alufeo mu Mtsuko wa Maere

Chaka chino dzanja la a Alufeo Kamwendo linakanirira mu mtsuko pamaso pa kalabu yonse ya ulimi wothirira, ndipo kuti lituluke panafunika sopo, madzi ofunda ndi amuna awiri. Tangoganizani, bambo wa imvi, wotsogolera mapemphero a mphakati, atagwada pa udzu, mtsuko uli pakati pa mawondo, a Vinsenti wapampando akukoka chigongono ngati akuzula chinangwa. Dzanja linatuluka lamoyo. Koma zimene linapeza m'katimo n'zimene zasiya anthu kukamwa kuli yasa kuno kwa Mphunzi mpaka lero.

A Alufeo ndi mlimi wa kachewere ngati anzawo onse, kungoti iwo anapondako ku sekondale. Anasiyira Folomu 3 bambo awo atamwalira, nabwerera kudzagwira khasu. Mabuku ena onse anawaiwala, koma masamu anawatsatira kumudzi ngati galu. Mukawafunsa ngati mvula igwe, amathyola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Akazi awo, mai Martina, amati pa tsiku lofunsira mbeta bambowa anayamba afotokoza kuti mwa atsikana asanu ndi awiri a m'kwaya, mwayi woti mmodzi awalole unali waukulu ndithu. Mai Martina anawalola, akuti chifukwa cha chisoni.

Tsono dimba la kalabu lili m'munsi mwa phiri, ndipo lili ndi zigawo khumi ndi ziwiri, banja lililonse chake. Zisanu ndi chimodzi zili kumtunda, kumene ngalande yochokera ku kasupe imadutsa: ukangotsegula ndi khasu, madzi amalowa okha m'mizere. Zinazo zili kumunsi, kumene madzi amafika atatopa kale, mwinanso osafika. Wa kumunsi amasenza makeni a madzi othirira kuyambira Juni, chisanu chikuluma zala, mpaka Okutobala. Kuti pasakhale ndewu, chaka chilichonse akakolola chimanga amachita maere. A Vinsenti amaponya mu mtsuko wa pakamwa pang'ono nyemba zofiira za phalombe zisanu ndi imodzi, ndi zoyera za kayera zisanu ndi imodzi. Aliyense amapisa dzanja osayang'ana. Yofiira ndi kumtunda, yoyera ndi makeni.

Tsiku la maere anthu amalimbirana kukhala patsogolo pa mzere ngati minibasi yomaliza ya ku boma. A Alufeo zimenezi zinkawamvetsa chisoni. Ankati ndi umbuli. Ankalemba pansi n'kuonetsa kuti woyamba kupisa ali ndi nyemba zofiira zisanu ndi imodzi mwa khumi ndi ziwiri, ndiye kuti theka. Wachiwiri, ngati mnzake watenga yofiira, zamutsalira zisanu mwa khumi ndi imodzi, koma ngati watenga yoyera, zamutsalira zisanu ndi imodzi mwa khumi ndi imodzi, ndipo ukaziphatikiza bwinobwino umabwerera pa theka lomwe lija. Chimodzimodzi mpaka womaliza. Maere alibe m'bale, iwo ankatero, ndipo nyemba sidziwa kuti wafika m'mawa ndani. Masamuwo ngoona, aphunzitsi a ku Kabwazi anawavomereza. Ndiye pofuna kupereka chitsanzo, a Alufeo ankaima kumapeto kwenikweni, manja kumbuyo, n'kumatenga nyemba imodzi yotsalayo.

Kwa zaka khumi inali yoyera.

Chaka choyamba anaseka. Chachitatu anati kugwa katatu motsatizana kumachitika kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu, si zachilendo. Mai Martina, amene ankasenza nawo makeni, ankawadzutsa m'mamawa kuwauza kuti apite msanga akapise mtsuko ukadali wodzaza. Bambo ankayankha ndi kamtengo kaja, mpaka mai anasiya kunena. Koma chaka chatha msana wa a Alufeo unayamba kudandaula, ndipo kuchipatala cha ku boma anawauza kuti akapitiriza kusenza makeni, adzasenzedwa ndi iwowo. Kachewere wawo ndiye wodyetsa banja. Popanda chigawo cha kumtunda chaka chino, dimba likanangogonera.

Apa m'pamene anakhala pansi n'kuchulukitsa theka ndi theka, kakhumi. Yankho linawadabwitsa: kamodzi pa maulendo 1,024. Anayenda nayo nambalayo m'mudzi monse ngati uthenga wa maliro. Anaiuza a Vinsenti, amene anangokanda m'mutu n'kunena kuti dziko ndi lovuta. Anaiuza mai Nomsa, oyandikana nawo nyumba, amene akhala kumtunda zaka zisanu ndi zitatu mwa khumi zomwezo, ndipo maiwo akuti anatsamwa ndi mbatata. Ena anayamba kunong'ona zoti pali munthu anawachita chipongwe, koma a Alufeo, Mkatolika wa ukaristia, anakana. Anangoti chaka chino apisa koyamba, osati chifukwa zimathandiza ayi, koma kuti mai Martina aone okha kuti sizithandiza.

Tsikulo litafika, a Alufeo analawirira, naima patsogolo. Anthu anayang'anana. A Vinsenti anaponya nyemba, anakhutchumula mtsuko, a Alufeo napisa.

Amene analipo akuti nkhope yawo inasintha ngati munthu woponda njoka. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo, zala zawo zinakumana ndi nyemba zoposa imodzi mu mtsukomo. Zina zinali zikuluzikulu, zazitali ngati impso. Zina zinali zing'onozing'ono, zozungulira. Phalombe ndi kayera! Ngakhale wakhungu angazisiyanitse, ngakhale atavala magolovesi. Zaka zonsezi ankaziona nyembazo zikulowa mu mtsuko, koma ankawerenga mtundu ndi chiwerengero basi, chifukwa m'buku la Folomu 3 timipira ta m'thumba timakhala tofanana tonse. Ndipo womaliza kupisa amapeza nyemba imodzi yokha, yopanda inzake yoiyerekeza nayo.

"A Vinsenti," anatero a Alufeo, dzanja likadali m'kati, "nyembazi sizofanana."

"Ee, ndi nyemba," anayankha a Vinsenti, maso ali kuphiri.

"Mumadziwa?"

A Alufeo anatembenukira kwa akazi awo. Mai Martina anati iwo akhala akusankha nyemba pa lichero kuyambira ali mtsikana, ndipo ananena kangati kuti mupite msanga?

Munthu wina aliyense akanatsina phalombe mmodzi mwakachetechete, n'kutulutsa, n'kuthokoza Mulungu. Yofiira inali kale pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Koma a Alufeo anafumbata nyemba zonse khumi ndi ziwiri kuti azitulutse aonetse anthu umboni, ndipo nkhonya inakana kudutsa pakhosi pa mtsuko. Anthu anawauza kuti atambasule zala, iwo anakana, ati umboni ungathawe. Dzanja linatupa. Ndiye sopo uja.

Atamasuka, thovu lili mpaka m'chigongono, analalikira. Anati amenewa sanali maere koma mpikisano wothamanga, ndipo iwo sapisanso mpaka zinthu za mu mtsuko zikhale zofanana. Anthu, mwina chifukwa cha manyazi, anavomera. Mai Nomsa anakatenga kayera yekhayekha, anasankha khumi ndi ziwiri zolingana, a Vinsenti nadetsa zisanu ndi imodzi ndi bolopeni yofiira. Aliyense anazipapasa n'kuvomereza kuti tsopano chala sichingadziwe kanthu. Amene kale ankalimbirana kutsogolo anayamba kupatsana ulemu, ati yambani ndinu achimwene.

A Alufeo anapisa koyamba, mwayi wawo uli theka lenileni, loyera ngati la m'buku. Anatulutsa dzanja, natambasula.

Yoyera.

A Alufeo anaiyang'ana nyembayo nthawi yaitali, kenaka ananena motsitsa kuti izi ndiye zolondola, theka limatanthauza kuti ukhozanso kugwa. Mai Martina anakhala pansi pomwepo, chitenje kumaso, ndipo mpaka pano sizikudziwika ngati ankalira kapena kuseka.

Dimba silinagonere. A mphakati anagwirizana zoti azithandiza kusenza makeni Loweruka lililonse, ndipo amene amafika msanga ndi omwe aja ankathamangira mtsuko, nkhope zili pansi. A Alufeo amakhala pa chitsa n'kumawerenga makeni. Kumeneko n'kumene mai Nomsa, amene nawonso chaka chino agwera kumunsi, anatula keni pansi, nagwira m'chiuno, n'kuwauza pamaso pa anthu onse:

"A Alufeo, zaka khumi anzanu akudya ndi zala, inu tsiku lomwe mwadziwa kuti zala muli nazo, mwaswa mbale. Ndiye taonani, tonse tikusenza."