Mpando wa achemwali m'minibasi ya alamu

Alamu anga a Everson ndi makaniko wodziwa ntchito, koma galimoto yawoyawo inawakanika. Za eni ake amamaliza tsiku lomwelo. Yawo yakhala pabwalo ku Machinjiri zaka khumi ndi ziwiri, mpaka anthu amalondolera nayo alendo: mukafika pa minibasi ya makatani, mukhotere kumanja.

Inali minibasi yotopa, yoyenda Limbe ndi Bangwe, mwini wake ataitaya. Alamu anazula mipando yonse yakumbuyo n'kuikamo bedi, kakabati ka mbale ndi mbaula. Makatani anasoka akazi awo, achemwali anga a Mirriam. Cholinga chinali chimodzi, kupita ku Milanje, kutsidya kwa malire, kwawo kwa amayi athu, kumene achemwali anachokako ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndili kumsana. Za basi achemwali sankazifuna, zofika lero mawa n'kubwerera. Ankafuna kukagona pansi pa mtengo wa mango umene ankaukumbukira, kuyenda mudzi ndi mudzi kufunsa abale, osavutitsa munthu malo ogona.

"Tipita mawa," ankatero alamu. Mawa lake linali la fanibeluti, mawa linalo la matayala. Achemwali sanali wolongolola ngati ine. Atatola kagalu kumsika, anangokatcha dzina loti Tipitaliti. Ndiye m'mawa uliwonse poitana galu kudzadya, aneba onse amamva funsolo, alamu ali pansi pa galimoto ya eni ake.

Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankaiyesa minibasiyo, kufika ku Mapanga n'kubwerera. Minibasi zimenezi injini yake imakhala pansi pa mpando wakutsogolo. Geji yoonetsa kutentha inafa kalekale, koma alamu sankalabadira. "Geji ndili nayo," ankatero, akuloza akazi awo. Mpando ukayamba kuotcha, achemwali ankangoti, "Bambo, imani." Iwo n'kuima, kudikira injini izizire, kuthira madzi. Galu ankakhala pamiyendo pa achemwali.

Achemwali anamwalira chaka chatha mu Febuluwale, shuga. Ku Milanje sanapite. Ndimawasowa kwambiri mpaka lero, makamaka ndikaona makatani aja. Mwana Mulungu sanawapatse, choncho panyumbapo panatsala alamu ndi galu basi.

Maliro atatha, Tipitaliti anayamba kugona pampando uja. Alamu anabweza makasitomala onse n'kugwira galimoto yawo. Mu Okutobala anatulukira kwanga ku Chemusa.

"Alamu, yatheka. Tiyeni tikauone mtengo uja, tikawauze abale."

Ndinafuna kuwayankha kuti madzi akatayika saoleka. Koma nditaona mmene anaondera, ndinangolowa m'nyumba kukatenga chikwama.

Kukonzekera kwake, ayi ndithu, ndiwayamikire. Galu anakamubayitsa katemera wa chiwewe, kalata yake ili m'thumba la shati. Anamusokera lamba wodutsa pachifuwa, osati pakhosi, n'kumumangirira kumpando kuti asadumphire pazenera kapena kugwa akaponda buleki. Anatenga mbale yake, chikwanje, mphira ndi chigubu cha madzi. Ine ndikutsegula chitseko chakutsogolo, ndinangomva, "Pamenepo pali eni ake, alamu." Ha! Ine mayi wa mvano wathunthu kundikhazika pabedi kumbuyo ngati wodwala, galu ali kutsogolo ngati bwana!

Tinadutsa Limbe n'kulowa msewu wa Midima. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Tisanafike pa Nkando, Tipitaliti anayamba kulira. Kuimirira, kukhala, kuimiriranso, kukoka lamba.

"Khala pansi iwe!" alamu anamukalipira.

Nane ndinathira ndemanga: "Mwamulera moipa galu ameneyu. Ulendo sunayambe n'komwe, wayamba kale matama."

Kulakwa kwanga ndikuvomera. Anthu awiri aakuluakulu, wina makaniko wa zaka makumi atatu pantchito, osazindikira kuti mpando ukuotcha. Alamu anakonza chilichonse m'galimotomo, koma geji anaiiwala, chifukwa zaka zonsezo geji inkalankhula. Galu sanena kuti bambo imani.

Kenaka phuu! Paipi ya rediyeta inaphulika, nthunzi kudzaza m'galimoto. Alamu anaimika pambali, pamalo oipa, pakona penipeni. Zimene amachita dalaivala aliyense ndi zomwe anachita iwo: kutola chikwanje n'kuthamangira kukadula nthambi zoika pamsewu, kuti malole obwera kumbuyo asatiwombe. Ine ndinathawira kutchire, kuopa moto. Galu tinamusiya ali womangidwa pampando wotenthawo.

Atamaliza kundanditsa nthambi uku ndi uku, anamupeza atagona chammbali, lilime lili panja, maso ali tong'o, akupuma ngati pampu ya njinga. Lamba anachita kudula ndi chikwanje. Anamunyamula ngati mwana kukamugoneka pamthunzi.

Ine ndinali nditagwira kale chigubu. "Alamu, madzi ndi omwewa. Mumange paipiyo ndi mphira, tithire mu rediyeta, tikafike pa Nkando."

Anandilanda chigubucho, n'kulowa m'galimoto kukatsitsa katani imodzi ya achemwali. Anainyowetsa n'kuyamba kumupukuta galu pamimba, m'mapazi, kuseri kwa makutu, kwinaku akumudonthezera madzi m'kamwa pang'onopang'ono. Katani ikafunda, kunyowetsanso. Ine ndinavula chitenje n'kumakupiza. Madzi onse anathera pamenepo, rediyeta osalawako ngakhale dontho. Ndiye ndinawamva akunong'ona, osati kwa ine, osatinso kwa galu.

"Ndamva, mayi. Ndaima. Ndaimatu."

Ndinatembenuka kuti asandione. Phiri la Mulanje linali apo, looneka bwinobwino, ndipo kuseri kwake ndi kwathu. Ndinalira ngati maliro ayambiranso.

Patapita kanthawi galu anadzutsa mutu n'kunyambita dzanja la alamu. Injini ndiye inali itapsa. Anaimbira foni mnzawo, a Yusuph a ku Bangwe, amene anabwera ndi lole kudzatikoka. Pobwerera Tipitaliti anagona pabedi kumbuyo, mutu uli pamiyendo panga. Ine amene ndinkati galu ndi wapanja, ndinamusisita njira yonse.

Pano minibasi ili pamalo pake pomwe paja. Injini anaikonza, geji anaika yatsopano, ndipo imagwira bwino. Katani ija anaichapa n'kuibwezera, kungoti inasuluka pang'ono. Tipitaliti anachira, akudya, akuuwa anthu odutsa monga kale. Koma pampando uja sakweranso. Alamu amatsegula chitseko, kumenya pampando ndi dzanja, kumunyengerera ndi usipa. Galu amaima patali, mchira uli pansi, kenaka n'kukalowa kunsi kwa galimoto. Mpandowo unatsala wopanda munthu kachiwiri, ndipo ndikuona kuti ulendo uno zawapweteka kuposa poyamba.

Sabata yatha ndinapitako. Ndinawapeza atakhala pachiwongolero, injini yozima, chitseko chinacho chili chotsegula.

"Tiyeni tinyamuke," ndinatero. "Ndikhalapo ine pamenepo. Pakamwa ndili napo, mukudziwa. Pakatentha ndinena."

Anauyang'ana mpandowo nthawi yaitali.

"Tipita mawa, alamu."

Anatsika n'kutseka chitseko bwinobwino. Kenaka anatenga mbale ya galu, n'kuima pakhonde pomwe ankaima achemwali, n'kuyamba kuitana.

"Tipitaliti! Tipitaliti!"