Chigamulo Chanu Chapulumutsa Nyumba ya ku Matero

Ba Jaji, lero m'khoti ndatchula dzina lanu, ndipo tapambana! Mayi wamasiye amene ndikumuyimira, yemwe alamu ake amafuna kumulanda nyumba ku Matero, sachokamo. Chamuteteza ndi chigamulo chija munalemba ku Khoti Lalikulu, ine ndikadali kalaliki wanu.

Ndikukumbukira mmene ndinakubweretserani mapepala ake nditawawerenga kasanu, ndikuopabe kuti mwatsala cholakwika. Munaseka n'kunena kuti, "Iwe Mwansa, leka mantha. Pita ukawafotokozere bamayi ako ku Chazanga. Akapanda kumva, tizalembanso." Amayi sanamve, ndipo tinalembanso.

Munatisiya musanaone izi. Lero womasulira atangomaliza mawu anu aja, mayiyo sanadikire kuti ndimufotokozere. Anayimba nthungululu m'khoti momwemo. Pumulani, Ba Jaji, anthu akukumvanibe.