Nsalu Imene Wilibala Amamanga Pamimba

Amene anthu a kudepoti ya katundu amamutchula Wilibala ndi mwana wanga wamkazi, wachisamba. Bambo ake anali okonza njinga, anatisiya iye akadali pasukulu. Mayi ake ndine, ndinkasoka zovala maso asanayambe kundikana. Ana ali nawo awiri. Wamkazi ndi mphunzitsi, anakwatiwa kutali. Wamwamuna amayendetsa basi, timangomuti Dalaivala. Za bambo a anawo musandifunse. Anachoka atangoyamba kupeza matiresi onyowa, ndipo dzina lawo sililowa m'nyumba mwanga.

Dzina la Wilibala anam'patsa ndi anzake otsitsa katundu m'malole. Shuga, mchere, simenti, zonsezo zadutsa pamsana pake. Thumba limene amuna amagwira awiri, iye amalinyamula yekha. Sindikunena chifukwa ndi wanga ayi, kafunseni.

Akazi a kudepoti ali ndi kachitidwe kawo. Lole ikangolowa pageti, aliyense amapinda nsalu ngati lamba n'kuimanga pamimba zolimba mpaka mpweya kuperewera. Amati msana umapezera pamenepo mphamvu. Palinso lamulo lina: malo sasungidwa ndi pakamwa. Ukadwala umatumiza m'bale wako kuti akanyamule m'malo mwako. Akapanda kufika, kapitawo amaloza mmodzi mwa anthu odikira kunja kwa geti, zako zathera pomwepo. N'chifukwa chake mwana wanga atabereka, ulendo woyamba ndi wachiwiri womwe, anabwerera kumatumba thupi lisanapole.

Matendawa anabwera mozemba. Akatsokomola, mkodzo pang'ono. Akaseka, chimodzimodzi, mpaka kuseka anasiya. Madzi anasiya kumwa masana, milomo n'kumang'ambika. M'basi ankaima chilili ngakhale mipando ilipo. Tsiku lina anandiitana ali kubafa.

"Amayi, bwerani muone. Koma musakuwe."

"Ndikuwe chiyani? Ndinakubala ndine."

Nditaona ndinagwira khoma. Chinthu chofiira, kukula kwake ngati chibakera cha khanda, chinali chitasuzumira kumene kumatulukira ana.

"Ndimachibwezera ndi chala," anatero. "Chikatulukanso ndimamangitsa nsalu kwambiri kuti chigwire."

Ndinam'kokera kuchipatala ngati mwana wokana sukulu. Anatilowetsa m'kachipinda kotseka makatani, nam'paka mankhwala ozizira oterera, kenako n'kumayendetsa kachida kojambulira m'thupi. Dokotala wake anali mayi. "Tsokomolani. Tsopano kankhani ngati mukubereka." Pagalasi la makinawo ndinaona chinthu chotuwa chikutsetsereka kupita pansi.

"Kunsi kwa chiuno kuli minofu imene imanyamula chiberekero ndi chikhodzodzo," anafotokoza. "Ili ngati kunsi kwa thumba. Yanu yatha mphamvu, pena yang'ambika." Kenako anaona mizere yakuda pamimba. "Nanga izi?"

"Ndi nsalu, adokotala. Imathandiza kugwira."

Dokotala anatenga chubu cha mankhwala aja, nachizondotsa, nachifinya pakati. Mankhwala anatulukira pansi. Mwana wanga anangoyang'ana. Zaka zonsezi ankadzifinya yekha, akuganiza kuti akudzisunga.

Anam'phunzitsa kumanga ndi kumasula minofu ya kunsiko, monga mmene munthu amagwirira mkodzo. Ankachita mokhulupirika, ngakhale akutsuka mbale. Anamuikanso mphete ya labala m'kati kuti ichirikize chiberekero, koma inagwa akukweza thumba la simenti, pamaso pa anthu. Anaiponda ndi phazi kuti aibise. Pamapeto dokotala anati patsala opaleshoni, ndipo ikachitika asanyamule kanthu kwa miyezi ingapo, ngakhale ndowa. Anatipatsa tsiku.

Apa panafunika msana wa m'bale. Mphunzitsi anali woyembekezera, anangolira pafoni. Ndinaitana Dalaivala. Mudziwe kuti ameneyu ali wamng'ono anathyoka mwendo, ndipo nthawi yonse imene anali m'chikhakha mayi ake ankam'bereka kupita naye kusukulu, kuthamangira kumatumba, masana n'kukam'tenganso. Ali kumbuyoko ankauza aliyense pamsewu kuti, "Ndikadzakula ndidzawabereka ndine."

"Iwe," ndinatero, "mayi ako akubwereka msana wako. Adzakubwezera."

"Agogo, ndisiye chiwongolero ndikasenze simenti? Anzanga adzati chiyani?"

"Adzati uli ndi mayi."

"Basi ayipereka kwa wina, agogo."

"Mabasi ndi ambiri. Chiberekero chimene unatulukamo ndi chimodzi, ndipo chikugwa."

Anaseka, naweramitsa mutu. "Chabwino, ndibwera. Musandiyang'ane choncho, mundiumitsa."

Tsiku litafika, mwana wanga anatenga kachikwama kake kupita kuchipatala, ine ndinapita kudepoti kukaonetsa mdzukulu wanga kwa kapitawo. Ndinaima pageti. Dzuwa linakwera. Foni ya Dalaivala inkangoitana, kenako inazima. Lole itatulukira pangodya, ndinabwereka nsalu kwa mayi wina, ndinamanga pamimba, n'kukaima pamzere.

"Agogo," anatero kapitawo, "thumba ili likhoza kukunyamulani inuyo."

Onse anaseka.

"Lamulo lanu likuti m'bale. Ine si m'bale?"

"Likuti m'bale wonyamula, osati wodzatifera pano. Pepani amayi, lole siidikira."

Anatembenukira kugeti, chala chili m'mwamba kuti aloze. Pakati pa anthu odikirawo panatulukira Wilibala, kachikwama ka kuchipatala kali m'manja. Anali ataimbira Dalaivala ali pabenchi yodikirira, ndipo pafonipo anamva kondakitala wa basi yake akuitanira anthu. Anadzuka dzina lake lisanaitanidwe.

Anaika kachikwama pansi, namasula nsalu pamimba panga.

"Mwanawe, usatero. Unamva zimene ananena dokotala."

"Ndinamva, amayi. Koma popanda iyi msana sundilola." Anaimanga, nakoka, nakokanso. "Pitani kunyumba."

Sindinapite. Ndinaona thumba loyamba likutera pamsana pake, ndinaonanso madzi akutsika m'mwendo mpaka m'nsapato. Anzake anayang'ana kumbali.

Kuchipatala anati adikire tsiku lina, mzere ndi wautali. Iye salitchulanso. Tsopano amayenda motang'adza, ndipo madzulo amagona chagada, miyendo itatsamira khoma, kudikira kuti chinthucho chibwerere. Masiku ena sichibwerera.

Patapita masiku Dalaivala anatumiza katundu kudzera kwa mayi woyandikana nafe: mpukutu waukulu wa matewera a anthu akuluakulu, odula ndithu. Mayi ake anawalandira ndi manja awiri. Akuti ndimusiye mwana, nayenso akusaka moyo. Amawavala, poti alibe chochita.

Ine sindinathokoze. Ndinam'tumizira mawu akuti zimene anadya ndi msana adzabweza ndi msana, ndipo kufikira atatero mpando wa m'nyumba mwanga sum'dziwa. Basi yake imadutsa kutsogolo kwa depoti tsiku lililonse. Akafika pageti amaliza hutala, koma saima. Mayi ake, thumba lili pamsana, amakweza dzanja limodzi kumubayibitsa, lina litagwira pansi pa mimba.