Lezala la Amalume ndi Lilime la Ndilipo

Fungo la usipa wosauma bwino limandikumbutsa dzinja lomwe ndinali ndi zaka khumi, kwathu kufupi ndi pomwe mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Mvula inkagwa masiku atatu osalekeza, ndipo pansi pa thandala loyanikapo nsomba panali matope okhaokha onunkha mamba. Pamenepo ndi pomwe galu wathu Bulaki anaswera ana anayi.

Patatha milungu isanu, tiagalu tija tinayamba kutsekula m'mimba. Mimba zinatupa, nthiti zinkawerengeka, ndipo tinkatsokomola ngati nkhalamba za fodya. Kwathu aliyense ankadziwa mankhwala ake. Ankati galu woonda ali ndi kanyongolotsi pansi pa lilime kamene kamamuletsa kudya, ndiye kamafunika kukadula. Katswiri wa ntchitoyi anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Bambo anali ku Dwangwa kodula mizimbe, choncho pakhomo pathu mawu a amalume ndiwo anali omaliza.

Anabwera Lachiwiri m'mawa. Ankatsegula kamwa ndi kamtengo, kucheka ndi lezala, nkutulutsa kamnofu koyera nkutionetsa pachikhatho monyadira. Anadula atatu. Wachinayi anabisala pansi pa bwato lakale kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinamuona koma sindinanene. Pofika Lachisanu atatu aja tinali titawakwirira onse. Amalume anati vuto ndi loti tinachedwa kuwaitana.

Wotsalayo ndinamutcha Ndilipo. Loweruka amalume anabwerera iyeyo, ndipo anandipeza nditamupakata pakhonde.

"Ameneyu simumudula," ndinatero.

"Iwe Esnati, wayamba liti kuyankha akulu? Ine agalu ndinayamba kuwadula iwe usanabadwe."

"Nanga aja munadula ali kuti?"

Amayi anandikalipira kuti ndine mwana wopanda mwambo. Kenaka anatenga lezala m'manja mwa amalume nkuliyang'ana mbali zonse. "Achimwene, ili lachita dzimbiri. Kaguleni latsopano kumsewu, galuyu mumupeza pompano." Anandilanda Ndilipo, nkumumangirira pamtengo wa mango ndi luzi, nkunyamula khasu ulendo wa kumpunga osacheuka. Tsiku limenelo amayi anga ndinadana nawo, sindibisa ayi.

Amalume atangokhota pa chinangwa cha aneba, ndinakoka luzi lija ndipo linamasuka lokha. Ndinatola chitenje chomwe chinali pamphasa, nkubereka galu kumsana ngati khanda. Ndinadutsa m'dambo wopanda nsapato, madzi akufika m'mawondo, Ndilipo akundiipitsira kumsana. Amayi ena amene ankaokera mpunga anandiseka kuti ndabereka msanga, mwana wafanana ndi bambo ake. Ine ndinkapita kwa alangizi a ziweto amene ankakhala pafupi ndi dipi ya ng'ombe, ndipo ndinafika dzuwa lili paliwombo.

Alangiziwo anali bambo wamfupi wosakonda zoseka. Anamva nkhani yanga yonse, nkutsegula kamwa la galu wawo yemwe, chigalu chonenepa, nkundionetsa kamnofu komweko pansi pa lilime. Anati galu aliyense amabadwa nako. Matenda anali m'matumbo: tinjoka topyapyala ngati ulusi, tovuta kutiona ndi maso, timene timakhala m'dothi lonyowa lomwe agalu achitirapo chimbudzi. Timaboola khungu, ndipo tina timadzera mumkaka wa make. Anamumwetsa Ndilipo mankhwala, ena anandikulungira papepala, ake ndi a Bulaki. Anati ndimusamutsire pouma ndipo chimbudzi chake ndizikwirira. Kenaka anayang'ana mapazi anga nkunena kuti nanenso ndizivala nsapato, chifukwa tinjokato sitisankha.

Nditabwerera ndinapeza amalume atakhala pakhonde, lezala latsopano likadali m'pepala lake. Anathyola kanthambi ka bwemba. Zikwapu zinali zowawa, miyendo inatupa masiku awiri, koma galu sindinamusiye. Ndinawauza kuti andimenye mpaka atope, lilime lokhalo asalikhudze. Anatopadi. Pochoka anati akafa tisadzawaitane.

Ndinamukonzera malo pamchenga wouma m'khonde la nkhokwe. Tsiku lililonse ndinkayenda ndi khasu pambuyo pake, anzanga akundinena kuti ndine wantchito wa galu. Mvula isanathe anayamba kuba usipa pathandala, ndipo tsiku loyamba kumugwira ndinavina m'malo momuthamangitsa. Anakhala nafe zaka zisanu ndi zinayi, lilime lake lathunthu. Amalume sanamutchulepo dzina ngakhale kamodzi.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati yanga ndekha, ya kamtsikana kamene kanalimbana ndi khomo lonse. Ndazindikira zina nditakula, nditaona momwe zimavutira kutsutsa mlongo wako pamaso pa ana. M'chitini cha singano cha amayi simunkasowa malezala atsopano, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo. Amayi akamanga mbuzi, mfundo yake bambo ankachita kudula ndi mpeni, koma ya Ndilipo inamasuka nditangokoka. Ndipo chitenje chija chinali chawo chopitira kutchalitchi, chimene sichinkakhala pamphasa tsiku la Loweruka.