Matumba anayi amene asisi sanaponde

Tsiku lina mwana wanga wamkazi anandionetsa pa foni masewera a besibo a ku Amereka. Bambo wina anamenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo, anthu onse n'kuimirira, ena akulira. Akuti anali ataposa mbiri ya katswiri wina wakale, ndipo mpirawo akausunga m'galasi. Ine ndinangoti, "Asa! Zomwezo? Asisi anga anazichita kalekale, opanda ndi nsapato zomwe."

Sindinkanama ayi. Tili ku pulayimale kwathu kufupi ndi Santhe, kunabwera mphunzitsi wachizungu, mayi wamtali, atatenga chibonga chosalala ngati kamunsi ndi kampira kolimba gwa. Ife tinkangodziwa fulaye ndi ntchemberembaye. Anaika pabwalo matumba anayi a feteleza odzaza mchenga, n'kufotokoza kuti ukamenya mpira uzithamanga ukuponda thumba lililonse mpaka ubwerere pamene unayambira. Koma Chichewa chake chinali chothyokathyoka, ndiye ambirife tinangomvapo zomenyazo.

Asisi, amene ine ndinawaponda pamutu, anali ndi manja ozolowera kusinja ndi kukweza mikangala ya fodya. Atangogwira chibonga chija, phaa! Mpira unadutsa bwalo, unadutsa munda, n'kulumpha chigafa cha aphunzitsi aakulu. Mzungu uja anadumpha ndi chimwemwe akukuwa, "Thamanga! Pita kwanu! Kwanu!" Iye ankanena thumba lomaliza, poti pamasewerawa limatchedwa kwanu. Asisi anamva kuti achotsedwa sukulu chifukwa chotaya mpira wa mzungu. Chibonga pansi, liwiro la mtondo wadooka m'mizere ya fodya mpaka kunyumba, n'kukabisala m'chigafa cha abambo.

Mpira uja tinausaka sukulu yonse, osaupeza. Unalipo umodzi wokhawo, ndiye besibo kwathu inathera pomwepo. Chigoli nacho sichinawerengedwe, chifukwa mwini wake sanaponde thumba ngakhale limodzi. Tawaseka nazo asisi moyo wawo wonse, ndi pa ukwati wawo pomwe. Iwo ankangotiyankha, "Pakati panu ndani anadumphitsapo chigafa?"

Chaka chatha sitiroko inawagwira akusoka fodya. Mwendo wamanzere unafa. Kuchipatala ku Boma anati aziyesa kuyenda tsiku lililonse, apo ayi mwendowo uumiratu. Asisi anakana. Ankangokhala pamphasa atayang'ana khoma, ukawalankhula n'kumati, "Ndisiyeni, ine ndatha." Ndinkapsa nawo mtima, koma kunena zoona ndinali ndi mantha. Ndinkaona kuti pamphasa paja sadzukapo.

Nditaonera za pafoni zija, m'mawa mwake ndinatenga matumba anayi, ndinathiramo mchenga, n'kukawaika pabwalo pawo. Kenako ndinaima pakhomo manja m'chiuno.

"Asisi, dzulo ndaona azungu akulemba mbiri ya munthu womenya mpira. Amalemba amene waponda matumba onse. Inu mbiri yanu ndi yothawa."

"Usandipute iwe," anatero osatembenuka. "Mpira uja unapezeka?"

"Sunapezeke. Koma chigoli mulibe. Mupita kumanda mulibe chigoli."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Kenako anasuzumira panja, n'kuwaona matumba aja. "Mwana wamwano iwe, sunasinthe. Tandipatsa ndodo."

Koma inali ntchito, abale. Kuchoka pathumba loyamba kufika lachiwiri, thukuta linali kamukamu. Palachitatu anagwada, n'kuyamba kulira, nane ndinalira. Ndinati basi, titsiriza mawa. Anandikankha ndi dzanja labwino lija. "Ndinathawa kamodzi. Choka." Anadzuka okha, akukoka mwendo m'fumbi, anthu opita kumunda ataima pamsewu kuonerera.

Atafika pathumba lomaliza, anaimika ndodo, n'kugwira bondo lamanzere ndi dzanja, kulinyamula. Anaponda ndi mwendo wakufa uja.

"Kwathu kuja ndi pano?" anafunsa akupuma wefuwefu.

"Ndi pompano, asisi."

"Ndiye umuuze mwana wakoyo alembe pa foni yakeyo. Alembenso kuti mpira sunapezeke." Anayang'ana matumba aja, n'kuonjeza, "Awa usachotse."