Ndinkaopa nkhope ya a Leon

Inu owerenga, mantha anga anachititsa kuti munthu wosalakwa akafere kumalo otsekeredwa, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku Indianapolis, ku America. Kampani yathu inanditumiza ku Beech Grove kwa a Leon, mzungu wachikulire amene sitiroko inawapha dzanja lamanzere. Nditangowaona, ndinabwerera m'mbuyo. Nkhopeyo ndinkaidziwa. Ndili mwana ku Ndirande, m'kanyumba koonetsa mafilimu, ndinaona munthu yemweyu akukanyanga mzimayi pakhosi, ndipo ndinakhala ndikumulota mpaka nditakula.

Nditawauza zimenezi, iwo anangoseka nazo. Anandiuza kuti anabadwira ku South Bend, kumene ankaimba gitala m'mabala asanapite kukayesa mwayi wa mafilimu. M'mafilimumo sanapatsidwepo mbali ya munthu wabwino. Chifukwa cha maso awo olowa m'kati, nthawi zonse ankakhala chigawenga kapena chidakwa. Tsiku lina anati, "Ndafapo kambirimbiri pa kanema, mwana wanga, koma imfa ikubwerayi palibe anandiphunzitsa."

Ndinkadziwa kuti zija zinali sewero chabe, komabe sindinkawafulatira.

Masana ena ndikupukuta patebulo, anandigwira mkono mwamphamvu n'kundikokera pamene anakhala, gitala ali pamiyendo. Chiyankhulo chawo chinali chitayamba kuvuta, ankangong'ung'udza. Ndinakuwa, n'kuthawira panja. Ndinaimbira abwana anga n'kulipota a Leon kuti amafuna kundipweteka. Pasanapite nthawi anawasamutsira kumalo osungira okalamba ovuta, kumene sanawalole kukhala ndi gitala. Anamwalirira komweko nyengo yachisanu isanathe.

Ndinapita ku South Bend kumaliro. Mwana wawo wamkazi, amenenso ndi wachikulire, anandilandira bwino, osadziwa kuti wolipota uja ndine. Pocheza anandiuza kuti chidwalireni, bambo ake ankakonda kubwereka dzanja la munthu. Ankaika zala zako pansambo, iwo n'kumakhwatcha ndi dzanja lamanja, kuti nyimbo imvekeko. Anati ankachita zimenezi ndi anthu okhawo amene ankawakhulupirira.

Pamenepo ndinazindikira chimene a Leon ankafuna masana aja.

Abale anga, munthu wa mafilimu sapita. Odwala anga amakonda mafilimu akale, ndiye ndikamasintha zofunda kapena kupereka mankhwala, ndimangomva mawu a bambo aja pa kanema kumbuyo kwanga. Ndikacheuka, a Leon ali pomwepo, ali mnyamata, akundiyang'ana. Ena amasangalala akamawaombera. Ine ndimakabisala kubafa n'kutsegula madzi.

Inu amene mumasamalira anthu osatha kudziyankhulira, dziwani kuti mawu anu amodzi kwa abwana akhoza kulanda munthu zonse zimene zamutsalira. Ngati pali ngozi yeniyeni, thawani ndithu. Koma musanalipote munthu, dzifunseni ngati mukunena zimene wachita kapena zimene inuyo mumaopa kale. Ine ndinali ndi pakamwa, ndipo chitseko chinali chotsegula. Ndikanatha kuima pakhomopo n'kufunsa kuti, "Mukufuna chiyani, bambo?"