Sitima ya Mawaya ya Amalume

Sitima ija ikadalipo pamwamba pa kabati kwa amayi ku Bradford, ngakhale teyala limodzi linasowa kalekale. Anaipanga ndi amalume, ndi mawaya a mahang'ala atatu omwe anasolola mwakachetechete m'kabati ya zovala ya amayi. Mateyala ake anali zitsekerero zobiriwira za mabotolo a mkaka. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo nyengo yozizira imeneyo ndinkaiona ngati chinthu chofunika kuposa china chilichonse mu England.

Amayi anali namwino ku Liverpool. Ankanyamuka Lolemba, n'kumagona kwa mnzawo wa kutchalitchi, kubwera Lachisanu. Ulendo unali wautali, wosinthira sitima panjira, choncho sakanatha kupita ndi kubwera tsiku lililonse. Ondisamala anali amalume, omwe ankadikira mapepala awo okhalira m'dzikomo ndipo sankaloledwa kugwira ntchito. Tsitsi ankandipesa ngati akulima munda, ndipo kusukulu aliyense ankadziwa kuti amayi kulibe.

Tsiku lina aphunzitsi anati tidzachita mtsutso m'kalasi: kodi n'koyenera kuti sitima yaliwiro ifike mumzinda wathu, kapena Leeds yokha ndi yokwanira? Anati mfundo za mbali yopambana tidzazilemba m'kalata. Ine ndinangomva "kalata", mutu wanga n'kumalizitsa zina zonse. Tikapambana, boma liwerenga, njanji iyalidwa Khirisimasi isanafike, amayi azigona kunyumba tsiku lililonse.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Iwo anali otsutsa kotheratu. Ankati njanji yobweretsa anthu msanga imawachotsanso msanga, ndiye anzathu onse athera ku Leeds, ife titsale ndi nkhunda za pasiteshoni. Ankatinso mabasi a mumsewu mwathu ayambe asunga kaye nthawi. Ndinkawayankha m'Chingerezi mokalipa, iwo n'kumabweza m'Chichewa, uku akupinda mawaya ndi pulayala. Mpaka lero sindinaonenso munthu wotsutsa chinthu ndi pakamwa manja ake akuchimanga mwaluso chotero. Sitima yamawayayo anaiikira ndodo yaitali yoyendetsera, monga ankachitira ndi galimoto zamawaya ali mwana ku Balaka.

Tsiku la mtsutso ndinaikankha sitimayo kuchoka pakhomo mpaka pabolodi, ikulira kwetekwete pansi. Mfundo zanga zonse ndinaziiwala. Ndinangonena kuti amayi anga amasamala agogo a anthu ena kutali, ndipo ine ndatopa ndi kupesedwa ndi mwamuna. Kalasi inafa nalo phwete, aphunzitsi anapukuta magalasi awo, ndipo tinapambana. Kunena chilungamo, anapambana ndi mawaya a amalume.

Lachisanu tinapita kukachingamira amayi, monga tinkachitira sabata iliyonse, ine ndikukankha sitima yanga. Amalume ankati munthu wobwera kuulendo sanyamula yekha chikwama, kaya ndi ku Ulaya. Pasiteshoni panali kamphepo kobaya m'makutu ndi fungo la tchipisi ta viniga. Njanji ya pamenepo imathera pakhoma, ndiye sitima ikalowa imatulukanso chobwerera kumka ku Leeds. Sitima itafika, anthu anatsika onse, amayi osaoneka. Tinawapeza pawindo la kumapeto ali m'tulo, tsaya atatsamira pagalasi, nsapato atavula. Amalume anagogoda windo ndi ndodo ya sitima yanga, ndipo amayi anatsika chothamanga, nsapato zili m'manja, zitseko zikulira kale.

Ndinawauza nkhani yabwino ndisanawapatse ngakhale moni: tapambana, ulendo wawo ukhala wa kanthawi kochepa chabe.

Anandikumbatira, akununkhira sopo wa kuchipatala. Kenako anayang'ana sitima ikuchoka, nati motsitsa, "Wachita bwino, mwanawe. Koma ine lero ndimalakalaka ikanachedwako pang'ono."

Ndinakwiya njira yonse, chikwama sindinawanyamulire.

Sitima yaliwiro ija mpaka pano akuikambabe, ndipo ine ndikadali kumbali yomwe ndinali. Mzinda wathu si wongoulambalala. Koma tsopano ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndimadziwa mmene mapazi amawawira ukaima tsiku lonse. Nthawi ija ndinkaganiza kuti amayi sakufuna kufika msanga kwa ine. Sindinkadziwa kuti sabata yonse, mpando wa pawindo uja ndiwo malo okhawo amene ankakhala pansi popanda wowaitana.